Thandizeni, galimoto ya malemu bambo ikupumira m'mbali

Wobisa dzina: Akuluakulu, ndili ku Chitakale. Galimoto yomwe bambo anandisiyira ikumalira kuti tyetyetye m'mamawa, ikatentha phokoso limachepa. Utsi ukulowa mpaka mkati, dzulo mutu unandiwawa pokwera ku Likhubula. Zonsezi zinayamba alamu anga atabwereka kukanyamulira nanazi, anabweza ilibe ndi dontho la mafuta, pepani yemwe sananene. Makanika wina anati ndi gasiketi ya manifodi (chotseka mpata pomwe mapaipi otulutsa utsi agwirana ndi injini), anadya ndalama yanga, foni sakuyankhanso. Mayi akuti ndikaigulitsa ndawanyoza bambo. Nditani?

Dalaivala wa Limbuli: IMENEYO NDI HEDI GASIKETI. Zaka zonsezi ndili pa msewu wa Muloza, ndikudziwa.

Makanika wa ku Luchenza: Ayi akulu. Hedi gasiketi imadya madzi, injini imatentha. Phokoso lochepa ikatentha ndi manifodi, chitsulo chikafufuma mpata umatsekeka. Yang'anani mwaye wakuda pomwe manifodi yagwirana ndi hedi, mutu wa injini. Koma galimotoyo ndi yanji?

Dalaivala wa Limbuli: Amakanika a masiku ano mumaphunzirira pa YouTube!

Mayi a mapasa: Achimwene, utsiwo musaseweretse, umapha anthu osazindikira. Tsegulani mawindo, ana asakweremo. Koma alamu anuwo ndi ofanana ndi anga, njinga yanga mpaka lero.

Mbuya wa ku Thekerani: Ine pa Datsun 1200 yanga ndinathyola masitadi (mabawuti ogwira manifodi) awiri chifukwa cha phuma, ndinakaboola ku Limbe. Thirani WD-40 usiku wonse, dzimbiri lifewe, mumasule injini itazizira. Ngati ndi Datsun, gasiketi ya ekizozi ndi ya ineti (polowera mpweya ndi petulo) ndi imodzi, muchotsa zonse.

Dalaivala wa Limbuli: Matani Gun Gum, phala lomatira ekizozi, basi, ndanena kale.

Makanika wa ku Luchenza: Si inu mumati hedi? Gun Gum pamenepo imangopsa n'kugwa. Palani gasiketi yakale, muike lula yachitsulo pa manifodi. Ngati yapindika ikasikimidwe (ikapalidwe pa makina kuti iwongoke), apo ayi yatsopanoyo ipsanso. Pomanga yambani manati apakati kupita kunja, ikayenda pang'ono mumangenso. Ndafunsa, ndi galimoto yanji?

Mnyamata wa Bvumbwe: Gulitsani ku sikirapu mugule Sienta, malemu bambo anuwo akupumulireni 😂

Mayi a mapasa: Iwe, za malemu sasekera.

Wobisa dzina: Zikomo nonse. Alamuwo ndawatumizira uthenga, akuti inali ikulira kale. Bodza lenileni. Sindigulitsa.

Dalaivala wa Limbuli: Mudzandikumbuka. NDI HEDI.