Za laitala yamagetsi ndinafunsa ija

Paja ndinafunsa ngati laitala yotchaja pa USB, ija yotulutsa kamphezi pakati pa timawaya m'malo mwa lawi, ingalowe m'malo mwa machesi. Ndinagula, ndipo patha milungu itatu ndikuigwiritsa ntchito.

Pa kandulo ndi pa gasi ndi katswiri. Mphepo siizimitsa, ngakhale pakhonde madzulo. Pa mbaula m'pamene yandigwiritsa mwala: kampata ka timawayato n'kakang'ono, moti ndimayamba ndayatsa kapepala, kenako makala. Mwaye ukamatirira, imangolira tsiii osayatsa kanthu mpaka nditaipukuta ndi mswachi wouma.

Dzana magetsi atazima, ndinapeza batire lake latheratu. Mayi anangotulutsa machesi awo m'kabati, osanena kanthu. Inu amene munandichenjeza za batire, munanena zoona.