Mavampaya amphamvu mu Magic: ndigule ati a deki ya Edgar Markov?

Wa ku Kapata

Moni nonse akuluakulu. Ndikumanga deki (mulu wa makhadi) ya masewera a Magic: The Gathering yoti tizisewera anthu anayi kuno ku Chipata, ya mtundu wa Commander momwe khadi limodzi limatsogolera deki yonse, langa ndi Edgar Markov. Makhadi ndiitanitsa kunja ndipo ndalama yotumizira siyochepa, ndiye ndikufuna kugula kamodzi kokha, makhadi 10 kapena 12, enawo ndidzaza ndi omwe alipo kale. Pamwamba pa mndandanda ndaika Vein Ripper, Sorin, Imperious Bloodlord ndi Kalitas, Traitor of Ghet, poti ambiri akuti ndiwo mavampaya oopsa. Kodi ndalondola? Ndithandizeni ndisanataye kwacha.

Mkulu wa ku Katete

Achimwene, makhadi atatuwo ndi amphamvu ndithu, koma mbiri yawo anaipangira kwina, osati mu Commander.

Sorin ndi wa mana 3 (mana ndi mphamvu yolipirira makhadi, imachokera ku makhadi otchedwa malandi) ndipo amalowa ndi loyalty 4, mapointi omwe mumachotsapo pomugwiritsa ntchito. Mukachotsapo 3 mumaika vampaya aliyense wa m'manja mwanu patebulo osalipira. Vein Ripper ndi wa mana 6, 6/5 (mphamvu 6, thupi 5) wouluka, ndipo mdani akafuna kumuloza ndi khadi lake ayenera kupereka nsembe chilombo chake chimodzi (lamulo lotchedwa ward). Awiriwa akakumana, Vein Ripper amatera paulendo wachitatu mdani asanakhale ndi chomuletsera. Ndi deki yotereyi Seth Manfield anapambana Pro Tour ku Chicago mu February 2024, ndipo mu August chaka chomwecho Sorin analetsedwa mu Pioneer, mtundu wa masewera a anthu awiri womwe unaseweredwa kumeneko. Koma kumeneko deki imakhala ya makhadi 60, Sorin anayi, Vein Ripper anayi, mdani mmodzi wa moyo 20. Inu muli ndi makhadi 99, lililonse limodzilimodzi, adani atatu a moyo 40 aliyense. Kuti awiriwo apezeke m'manja mwanu paulendo wachitatu ndi mwayi wa apo ndi apo.

Werengani bwino mphamvu ya Edgar yotchedwa Eminence. Nthawi iliyonse mukaponya vampaya wina, mumalandira tokeni (chilombo choonjezera chosachokera mu deki) ya vampaya 1/1, ngakhale Edgar akadali mu command zone, malo omwe amadikirira musanamutsitse. Mawu ofunika ndi kuponya. Vampaya amene Sorin wamuika patebulo sanaponyedwe, ndiye tokeni palibe. Bloodghast akadzuka kumanda chifukwa mwatsitsa landi, tokeni palibenso. Koma mdani akakaniza khadi lanu ndi Counterspell, tokeni mumalandirabe, chifukwa Eminence inayamba kale pomwe munaponya.

Ndiye taonani masamu ake. Ndi mana 6, Vein Ripper amakupatsani matupi awiri. Mana 6 omwewo mukawagawa pa mavampaya atatu a mana 2, matupi ndi 6. Edgar akatsika, ndi haste yake amaukira pomwepo n'kuika kaunta ya +1/+1 pa vampaya aliyense. Mu deki iyi mphamvu ili m'kuchuluka. Ndi yotereyi:

Ulendo woyamba, Viscera Seer ndi tokeni: 2. Wachiwiri, Legion Lieutenant ndi tokeni: 4. Wachitatu, Captivating Vampire ndi tokeni: 6, ndipo tokeni iliyonse yafika 3/3 chifukwa awiriwo aliyense amawonjezera +1/+1 kwa anzake.

Captivating Vampire ndimuika pamwamba pa onse atatu aja. Mukagoneka (kutembenuza khadi cham'mbali) mavampaya 5 mumalanda chilombo chilichonse cha mdani, ndipo sichibwerera ngakhale iye ataphedwa. Ambiri sadziwa kuti mtengo wake ulibe chizindikiro chogoneka chija choletsa zilombo zongolowa kumene, choncho ngakhale matokeni ongolowa kumene mungawagoneke. Mungachitenso zimenezi mu ulendo wa mdani, kumapeto kwenikweni, kuti anu adzuke onse ulendo wanu ukamayamba.

Wina ndi Bloodline Keeper, mana 4, 3/3 wouluka, amene amabala vampaya 2/2 wouluka mukamugoneka. Mukakhala ndi mavampaya 5 kapena kuposa, mumalipira mana imodzi yakuda n'kumutembenuza kukhala Lord of Lineage, 5/5, anzake onse +2/+2. Musamuponye muli ndi mana 4 okha ngati mungathe kudikira. Dikirani mana 5, muponye ndi kumutembenuza ulendo womwewo. Iye mwini ndi tokeni yake amawerengedwa pa 5 aja.

Kapangidwe kake: malandi 34 kapena 35, mavampaya pakati pa 35 ndi 38, ndipo 20 mwa iwo akhale a mana 1 kapena 2. A mana 5 kupita m'mwamba asapose 6. Mitundu itatu ya Edgar, wofiira, woyera ndi wakuda, imavuta, ndiye deki itsamire kwambiri pa wakuda, ndipo ikani malandi a Unclaimed Territory, Secluded Courtyard ndi Path of Ancestry. Ndi otchipa poyerekeza ndi Cavern of Souls.

Vuto la deki yothamanga chonchi ndi loti manja amauma paulendo wachisanu. Mankhwala ake ndi awiri. Skullclamp mumamuveka tokeni ya 1/1 ndi mana imodzi, imafa pomwepo, mumatola makhadi awiri. Koma Legion Lieutenant akakhalapo tokeni sifanso yokha, ndiye pamafunika Viscera Seer woiperekera nsembe. Wachiwiri ndi Champion of Dusk: mumatola makhadi molingana ndi mavampaya anu, moyo n'kutsika chimodzimodzi. Palibe kukana, choncho werengani moyo wanu musanamuponye. Mavampaya 9 ndi moyo 8 ndiye kuti mwadzipha.

Wa ku Mchini

Akulu a ku Katete anena zoona pa Sorin ndi pa kuchuluka, koma pa Vein Ripper sindikugwirizana nawo. Musamuchotse.

Deki ya Edgar imafa ndi chinthu chimodzi: khadi losesa tebulo lonse. Anzanu atatuwo akaona mavampaya 8 paulendo wachinayi, onse amatembenukira kwa inu, ndipo mmodzi amakhala ndi Wrath of God kapena Blasphemous Act. Apa ndi pomwe makhadi odyera pa imfa amapindulira.

Blood Artist ndi wa mana 2, 0/1, wooneka wopanda pake. Chilombo chilichonse chikafa, chanu kapena cha mdani, wosewera amene mwamuloza amataya moyo 1, inu n'kupeza 1. Akafera limodzi ndi ena amawaona onse. Zilombo 15 zikafa nthawi imodzi, iye mwini ali m'gulumo, ndi 15. Vein Ripper amachita zomwezo koma ndi 2, ndiye zilombo 15 ndi 30. Onse awiri ali patebulo ndi 45, kutanthauza kuti wosesayo wadzikumbira yekha. Mungagawenso kwa adani osiyana chifukwa imfa iliyonse imaloza payokha. Anthu akaona zimenezi kamodzi amaopa kusesa, ndipo mantha amenewo ndiwo amateteza matokeni anu. Chinanso, nsembe ya ward ija nayonso ndi imfa: wofuna kumuchotsa ndi Swords to Plowshares amataya chilombo, amatayanso moyo 2. Wopanda chilombo sangamuloze n'komwe mopindula.

Amene ndingamuchotse ndi Kalitas. Payekha ndi wabwino, mana 4, 3/4 wa lifelink (akavulaza mumapeza moyo wofanana). Koma chilombo cha mdani chomwe si tokeni chikati chife, iye amachitumiza ku exile (kunja kwa masewera, osati kumanda) n'kukupatsani Zombie 2/2. Chapita ku exile sichinafe. Blood Artist sachiona, Vein Ripper sachiona, Cordial Vampire sapereka makaunta. Mwagula khadi lodula kuti lizitsekereza makhadi anu omwe. Zombie nayenso salandira kaunta ya Edgar. Kalitas malo ake ndi deki ya anthu awiri yodzaza ndi makhadi ophera.

Dziwani zomwe zimazimitsa njira imeneyi. Rest in Peace ikakhala patebulo palibe chimene chimafika kumanda, ndiye palibe imfa. Farewell ndi Sunfall zimasesa potumiza ku exile. Ngati muli ndi Viscera Seer, perekani nsembe mavampaya anu onse khadi losesalo lisanagwire ntchito, Blood Artist ndi Seer mwini akhale omaliza. Nsembe yake ndi yaulere, ndiye pa mavampaya 8, kuwerengera awiriwo, mumatulutsabe 7.

Wa ku Kapata

Zikomo kwambiri akuluakulu, Kalitas ndamufufuta. Nanga Vito, Thorn of the Dusk Rose? Ena akuti amamaliza masewera ndi khadi limodzi lokha lomuthandiza. Komanso nditeteze bwanji tebulo ngati Blood Artist sanabwere?

Wa ku Petauke

Vito mugule, mbale wanga. Mana 3, 1/3, ndipo mukapeza moyo, mdani amene mwamuloza amataya wofanana nawo. Mnzake ndi Exquisite Blood, kapena Bloodthirsty Conqueror wa mu Foundations ya 2024, amene ali bwino koposa kwa inu chifukwa ndi vampaya: mana 5, 5/5, wouluka, wa deathtouch (chilombo chilichonse chimene wavulaza chimafa), ndipo amabweretsa tokeni. Onsewa amati mdani akataya moyo inu mupeze wofanana nawo. Ndiye mdani wataya 1, inu mwapeza 1, Vito wamulanda 1 wina, mwapezanso, mpaka onse atatha.

Zolakwika zimachitika pawiri. Choyamba, makhadi awiriwo kungokhala patebulo sayamba okha. Pamafunika choyatsira: tokeni imodzi igunde mdani, Blood Artist aone imfa, kapena mdani alipire moyo pa landi yake. Musatsitse wachiwiriyo mulibe choyatsira ulendo womwewo, apo ayi mwawapatsa adani atatu nthawi yophera Vito, yemwe thupi lake ndi 3 chabe. Chachiwiri, mkomberowu umadutsa pa stack (mzere wa zochita zodikira kugwira ntchito) kamodzikamodzi, ndiye mdani angaphe mmodzi wa awiriwo pakati penipeni n'kuudula. Yang'anani amene wasiya malandi osagoneka.

Muuzenso anzanu musanayambe kuti dekiyo ili ndi kombo ya makhadi awiri. Magulu ena sakonda masewera othera mwadzidzidzi chotero, ndipo pamene osewera ali ochepa ngati kuno kwathu kummawa, kutaya mnzanu mmodzi ndi kutaya tebulo lonse. Akakana, Vito amagwirabe ntchito popanda kombo. Malakir Bloodwitch akalowa muli ndi mavampaya 8, mdani aliyense amataya 8, inu mumapeza 24, ndipo Vito amatenga 24 ameneyo n'kumuponya pa munthu mmodzi. Ameneyo wataya 32. Sanctum Seeker nayenso amalanda mdani aliyense moyo 1 pa vampaya aliyense woukira, asanatchinge n'komwe.

Pa chitetezo, Teferi's Protection ndiye wopambana, ndipo anatulukira mu deki yomweyo ya Edgar ya 2017, koma ndi wodula. Boros Charm ndi mana 2 ndipo amapulumutsa ku Wrath of God, Damnation ndi Blasphemous Act. Sapulumutsa ku Toxic Deluge, chifukwa chilombo chimene thupi lake latsika kufika 0 chimafa ngakhale chili indestructible (chosaphwanyika) monga Boros Charm amachichitira, ndipo sapulumutsa ku exile. Chitetezo chaulere ndi kusakhuthula manja. Patebulo pakakhala mavampaya 6 kapena 7, siyani awiri otchipa m'manja. Akasesa mumaponya awiriwo n'kukhalanso ndi matupi 4. Edgar mwini musamutsitse msanga. Akaphedwa mtengo umakwera ndi 2, kuchoka pa 6 kufika 8 kenako 10, pomwe ali mu command zone palibe angamukhudze ndipo matokeni akubwerabe. Mutsitseni ulendo umene makaunta ake amaliza munthu.

Mndandanda wanga wa 12: Captivating Vampire, Bloodline Keeper, Blood Artist, Viscera Seer, Skullclamp, Champion of Dusk, Legion Lieutenant, Cordial Vampire, Vito, Malakir Bloodwitch, Sanctum Seeker, Boros Charm. Vein Ripper ndi Conqueror adikire ulendo wina ndalama ikapezeka.

Musanalipire, yesani kaye. Sindikizani zithunzi zake papepala pa muyeso wa 63 ndi 88 mm, dulani, lowetsani mu silivu (kathumba kotetezera khadi) kutsogolo kwa landi wamba, sewerani masewera 10 ndi anzanu atavomereza. Khadi limene limangokhala m'manja osaponyedwa musaligule. Bloodline Keeper ali ndi nkhope ziwiri, ndiye amafuna silivu yosaonekera kumbuyo, apo ayi amadziwika ali mu deki.

Edgar wa 2017 ndi wa foil (khadi lonyezimira), ndipo foil amapindika ndi chinyezi cha dzinja. Muikeni m'masilivu awiri, m'bokosi muponyemo timapaketi ta silika tija timabwera m'makatoni a nsapato, ndipo bokosilo lisagone pansi pa simenti kapena pafupi ndi zenera. Matokeni amachuluka msanga, ndiye konzani zitsekerero za mabotolo 15: chagada ndi chodzuka, chavundikira ndi chogoneka. Makaunta a Edgar safanana pa tokeni iliyonse chifukwa ena amalowa mochedwa, choncho ikani matokeni m'magulu ndipo gulu lililonse likhale ndi njere zake za chimanga.

Chomaliza ndi cha malo osewerera. Mukamasewera pagulu, zithunzi za magazi zili poyera, gwiritsani ntchito mawu oti vampaya ndipo wofunsa mumufotokozere modekha kuti ndi masewera a makhadi. Mawu oti anamapopa musawatchule ngakhale mocheza. Mphekesera zake zinaphetsa anthu kummwera kwa Malawi mu 2017, ndipo kuno n'kufupi.