Maphunziro apamwamba a inshuwalansi ya zombo ndili pantchito: ndiyambire pati?

Wa ku Limbe

Moni kwa nonse. Ndimagwira ntchito pa kampani ina ya inshuwalansi mu Blantyre, kugawo lolandira madandaulo a makasitomala amene katundu wawo wawonongeka kapena wasowa ali paulendo, ndipo mafayilo ambiri amene amafika kwa ine ndi a makontena odzera pa madoko a Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban. Ndili ndi digiri yoyamba ya zamalonda, koma zimene ndikudziwa pa inshuwalansi ya katundu wapanyanja ndinaziphunzira pongoonerera akuluakulu apantchito.

Ndikufuna kupitiriza maphunziro popanda kusiya ntchito, pakuti banja likudalira malipiro anga. Ndaona dipuloma ya Marine Insurance Law and Practice imene World Maritime University ya ku Malmö, m'dziko la Sweden, imaphunzitsa pa intaneti. Ndaonanso digiri ya masitazi ya Shipping, Trade and Finance ku Bayes Business School mu London, komanso mayeso a Chartered Insurance Institute (CII), bungwe la akatswiri a inshuwalansi la ku Britain. Kodi mwa zitatuzi n'chiti chingandipindulire? Ndipo kodi n'chanzeru kuti munthu wa dziko lopanda doko lapanyanja yamchere athere ndalama zambiri chotere pa maphunziro a zombo?

Broker Wopuma

Achimwene, ndiyambe ndi funso lanu lachiwiri, chifukwa yankho lake ndilo likuuzeni choyenera kuphunzira. Dziko lopanda doko ndilo lofunika kwambiri anthu odziwa zimenezi, popeza mapangano a inshuwalansi ya katundu analembedwa ndi anthu amene ankaganizira za wogula wokhala pafupi ndi doko, pomwe kwa ife ulendo wovuta umayamba chombo chikatsitsa kale katundu.

Tatengani Institute Cargo Clauses, mfundo za mapangano a inshuwalansi ya katundu zogawidwa m'magulu a A, B ndi C, zimene zinakonzedwanso mu 2009 ndipo mumazigwiritsa ntchito tsiku lililonse. Chitetezo chimatha katundu akafika kumalo amene alembedwa pa polise (chikalata cha inshuwalansi), kapena pakapita masiku 60 chitsitsidwireni m'chombo pa doko lomaliza, malinga ndi chimene chayamba kuchitika. Kwa wamalonda wa ku Rotterdam masiku 60 ndi ochuluka zedi. Kwa wamalonda wa ku Lilongwe amene kontena yake ikudikira mapepala pa doko, kenaka galimoto, kenaka mzere wa pa chipata cha Mwanza kapena Dedza, masikuwa amatha asanazindikire. Namondwe wa Idai ataomba Beira mu Marichi 2019 ndi kuononga misewu, nkhani imeneyi inaonekera poyera. Ndipo ngakhale Clauses A, zimene zimateteza zambiri kuposa B ndi C, sizilipira zimene mwataya chifukwa cha kuchedwa.

Palinso msampha wa Incoterms, malamulo a malonda a pakati pa maiko onena udindo wa wogulitsa ndi wogula; mwa iwo muli CIF ndi CIP, pomwe wogulitsa ndiye amalipira mtengo wonyamulira katundu ndi inshuwalansi. Pa malamulo a 2020, wogulitsa pa CIF akakugulirani Clauses C wakwaniritsa udindo wake, pomwe pa CIP ayenera kugula Clauses A. Clauses C zimalipira moto, kumira kwa chombo kapena kugubuduzika kwa galimoto, koma sizilipira katundu wobedwa. Tsono wamalonda amene wagula katundu pa CIF Beira amakhulupirira kuti ndi wotetezedwa mpaka ku Limbe, chikhalirecho polise yake imathera ku Beira komweko, ndipo ngakhale ikanapitirira sikanamuthandiza pa umbava wa panjira. Ndinaona anthu ambiri akulira ndi zimenezi nthawi imene ndinali pantchito.

Chimene amalonda athu sachimvetsa kwenikweni ndi general average. Pamene pawonongedwa ndalama kapena katundu wina pofuna kupulumutsa chombo ndi zonse zimene chanyamula, eni katundu onse amasonkha molingana ndi mtengo wa katundu wawo, motsatira York-Antwerp Rules. Eni chombo cha Ever Given analengeza zimenezi chitatseka ngalande ya Suez mu Marichi 2021, ndipo eni chombo cha Dali anachitanso chimodzimodzi chitagunda mlatho ku Baltimore mu 2024. Katundu wanu akhoza kukhala wabwinobwino, koma simumutenga mpaka mutapereka chikole. Wokhala ndi inshuwalansi, kampani yake imamulembera chikalata cha chikolecho. Wopanda inshuwalansi amafunika kutulutsa ndalama zakunja m'thumba.

Choncho langizo langa ndi lakuti muyambe ndi Chartered Insurance Institute, makamaka phunziro la M90 lokhudza katundu wa paulendo, ndipo mukafuna muonjezerepo M98 yokhudza zombo zenizenizo. Mumalipira phunziro limodzilimodzi, ndipo mabwana a m'makampani a inshuwalansi kuno amaidziwa bwino ACII, chizindikiro cha amene akhoza mayeso apamwamba a bungweli. Digiri ya ku London ija imaphunzitsa kwambiri za ngongole zogulira zombo ndi misika ya mitengo yonyamulira katundu, zimene simudzazigwiritsa ntchito mu Blantyre.

Loya wa ku Durban

Ndikugwirizana ndi bambo amene ayankha pamwambapa pa zambiri, koma pa mfundo yakuti mayeso a CII ndi okwanira ndikusiyana nawo pang'ono. Mayesowo amakuphunzitsani kuwerenga polise ndi kulipira kasitomala moyenera. Koma kampani ikalipira kasitomala, imayenera kukalondola ndalamazo kwa wonyamula katundu amene anachititsa ngoziyo, ndipo apa ndi pamene makampani a m'maiko opanda madoko amataya ndalama mwakachetechete.

Pa Hague-Visby Rules, malamulo a maiko onena udindo wa onyamula katundu panyanja, mlandu wotsutsa eni chombo uyenera kuyambika chaka chimodzi chisanathe, ndipo chipukuta misozi chili ndi malire a SDR (ndalama yowerengera ya bungwe la IMF) 666.67 pa phukusi kapena SDR 2 pa kilogalamu. Pa Hamburg Rules za mu 1978, zimene Malawi, Zambia ndi Tanzania anazivomereza, nthawiyo ndi zaka ziwiri ndipo malire ake ndi okwerako, SDR 835 kapena SDR 2.5. Lamulo limene likugwira ntchito pa fayilo yanu limadalira doko limene katundu anakwezedwera, limene anatsitsidwira, ndi zimene zalembedwa pa bill of lading, chikalata chimene wonyamula katundu amapereka akalandira katunduyo. Mbali inayo simukumana ndi mwini chombo, koma maloya a P&I club yake (bungwe la inshuwalansi la eni zombo), ndipo makalabu 12 otere a mu mgwirizano wa International Group amateteza pafupifupi 90 peresenti ya zombo zikuluzikulu zapadziko lonse tikawerengera kulemera kwake. Anthu amenewa amadziwa kudikira kuti tsiku lomaliza lidutse. Onjezanipo kuti Institute Cargo Clauses zimatsata malamulo a ku England, kutanthauza Marine Insurance Act ya 1906 pamodzi ndi kusintha kumene kunabwera ndi Insurance Act ya 2015. Zinthu zotere zimafuna mphunzitsi woti akonze zimene mwalemba, ndipo n'chifukwa chake dipuloma ya World Maritime University ndikuiona kuti ikugwirizana ndi ntchito yanu. Sukuluyi inakhazikitsidwa ndi International Maritime Organization mu 1983, choncho dzina lake limadziwika kulikonse kumene kuli doko.

Chenjerani ndi mawu akuti part-time. M'mayunivesite ambiri amatanthauza kuti mumalowa m'kalasi masiku ochepa pa sabata, osati kuti mungaphunzire muli kwanu, ndipo visa ya ku Britain ya ophunzira otere siilola kugwira ntchito. Ngakhale kuno ku Durban, kumene University of KwaZulu-Natal imaphunzitsa malamulo a zapanyanja, funsani kaye ngati mungafunike kupezeka m'kalasi musanatumize fomu.

Wa Banki ku Lilongwe

Ine ndingoonjezerapo za ndalama. Fizi ya maphunziro onsewa imalipidwa m'ndalama zakunja, ndipo amene anali pakati pa maphunziro pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa kuti bajeti ya zaka ziwiri ikhoza kusokonekera m'tsiku limodzi. Musawerengere thandizo la Chevening la boma la Britain, chifukwa thandizo limenelo ndi la masitazi ya chaka chimodzi yophunzira muli ku Britain komweko. Kambiranani ndi abwana anu kuti kampani ilipireko, ngakhale mutasainirana kuti mudzagwirabe ntchito kumeneko zaka zingapo, ndipo pemphani sukuluyo kuti ikuuzeni molemba ngati imalola kulipira pang'onopang'ono.

Wa ku Limbe

Zikomo kwambiri nonse. Amayi a ku Durban, mwakhudza penipeni, pakuti mafayilo olondola ndalama kwa onyamula katundu ndi amene amagona nthawi yaitali muofesi mwathu. Funso langa lotsala ndi ili: ndingathe kuchita CII ndi dipulomayo nthawi imodzi, kapena nditsatize?

Loya wa ku Durban

Tsatizani, achimwene. Munthu wogwira ntchito tsiku lonse ali ndi madzulo ndi Loweruka lokha, ndipo kuwerenga zigamulo za makhoti a ku England sikufuna mutu wotopa. Lembani M90 poyamba monga ananenera bambo aja, chifukwa ikupatsani chithunzi cha polise yonse pa mtengo wotsikirapo, ndipo ikuonetsani ngati mungapirire kuwerenga usiku kwa miyezi yambiri. Mukakhoza, tengani mafayilo akale a muofesi mwanu amene nthawi yokasumira inadutsa, muwerengere ndalama zimene kampani inalephera kulondola, ndipo chiwerengerocho mupite nacho kwa abwana anu popempha fizi ya dipuloma.