Mudzi wa m'mapanga ku Crimea, ndani akuudziwa?

wa_ku_Ulongwe: Abale ndaona zithunzi pa foni za malo otchedwa Chufut-Kale, mudzi wathunthu pamwamba pa phiri, zipinda zina anachita kugoba m'thanthwe. Zandikumbutsa zomwe ankasimba agogo kuno ku Angónia, zoti anthu ankathawira m'mapiri nthawi ya nkhondo. Ankakhalamo ndani?

mphunzitsi_Moatize: Achimwene malowo ali pafupi ndi tauni ya Bakhchysarai, poyamba ankatchedwa Kyrk-Or ndipo mafumu a mtundu wa Atatar ankalamulira pomwepo, manda a Dzhanike, mwana wamkazi wa mfumu Tokhtamysh, a mu 1437 alipobe. Mafumuwo atatsikira kuchigwa otsala ambiri anali Akaraite, aja amatsata malemba achiheberi okha osavomereza Talmud (mabuku a ziphunzitso za arabi achiyuda), n'chifukwa chake dzina loti Chufut-Kale limatanthauza linga la Ayuda. Nyumba zawo ziwiri zopemphereramo zikadalipo.

mayi_Tsangano: Ine chandikhudza ndi madzi aphunzitsi, pathanthwe pouma chonchija amayi ankavutika bwanji

mphunzitsi_Moatize: Ankasunga amvula amayi, ena kukatunga kumunsi pa abulu. Russia italanda Crimea mu 1783 Akaraite anayamba kusamukira ku Yevpatoria ndi matauni ena, Abraham Firkovich yemwe ankasonkhanitsa zolemba zawo zakale anakhala ku Chufut-Kale mpaka kumwalira mu 1874.