Kodi akazembe akadali ndi ntchito masiku ano a WhatsApp?

Mphatso_25:
Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Maofesi a akazembe amene mayiko amatsegula kunjaku akadali ndi ntchito yanji kwenikweni? Kale zinali zomveka, mfumu sikanatha kunyamuka yokha ulendo wa miyezi kukalankhula ndi mfumu inzake nde inkatuma munthu. Koma pano pulezidenti akhoza kungotenga foni nkuimbira mnzake pompo, kapena kulemba pa X dziko lonse nkuwerenga ola lomwelo. Nde nyumba za lendi ku London, Washington, Brussels, magalimoto, ma alawansi, fizi ya ana, zonsezi nzachani? Sindikunyoza ayi, ndikungofuna ndimvetse kuti ukazembe unayamba bwanji ndipo makina atsopanowa asintha chani. Amene munaphunzirako mbiri tiuzeni.

AnkoloBen:
Mphatso funso lako silachilendo, nthawi iliyonse kukabwera chipangizo chatsopano anthu amati akazembe atha ntchito, koma mpaka lero alipo. Chimene chimasintha ndi mphamvu zawo.

Ntchitoyi ndi yakalekale. Mu 1887 ku Amarna ku Egypt anafukula makalata oposa 300 olembedwa pa timapale tadothi, a zaka za m'ma 1300 Yesu asanabadwe, mafumu a ku Babulo, Asuri ndi Mitanni akulemberana ndi Farao. Amatchulana "m'bale wanga" koma ukawerenga bwino nkhani yake ndi kupemphana golide basi kkk. Wina analemba kuti kwanuko golide ali ngati fumbi, mumangowola, nde mukuumiriranji. Mfumu ya ku Babulo inadandaula kuti golide amene inalandira atamuika mu ng'anjo anapezeka woperewera. Ena amadandaula kuti amithenga awo akusungidwa ku Egypt zaka osabwerera. Zomasiya kazembe wokhazikika m'dziko la eni zinabwera mochedwa, ku Italy zaka za m'ma 1400, mizinda ngati Milan, Venice ndi Florence.

Tsono nthawi ya zombo zoyendera mphepo, kazembe anali bwana weniweni. Kalata kupita kwawo ndi kubwera yankho inali miyezi, nde zinthu zikavuta amagamula yekha, kwawo amangomva kuti tagwirizana zakutizakuti. Kuchedwaku kunali ndi mtengo wake. Britain ndi America anasainirana mtendere ku Ghent pa 24 December 1814, koma pa 8 January 1815 asilikali awo anaphana ku New Orleans chifukwa uthenga unali udakali panyanja.

Lamya yotumiza mauthenga olembedwa, telegalafu, itabwera zinatembenuka. Waya wodutsa pansi pa nyanja ya Atlantic anamaliza kumuika koyamba mu 1858, unangogwira masabata ochepa nkufa, wokhalitsa unabwera mu 1866. Kuyambira pamenepo kazembe anasanduka munthu wodikira malangizo, nduna ili ku likulu ndi imene ikuyendetsa chilichonse.

Koma ine chimene ndimachiona chachikulu ndi ichi, liwiro linachotsa nthawi yoti mitima izizire. Mu November 1861, nkhondo yapachiweniweni ili mkati ku America pakati pa kumpoto ndi kummwera, sitima yankhondo ya boma la America inaimitsa sitima ya Britain yotchedwa Trent nkugwiramo nthumwi ziwiri za mbali yakummwera, Mason ndi Slidell. Ku America anthu anaombera m'manja, ku London atamva anapsa mtima mpaka kuyamba kutumiza asilikali ku Canada. Mwayi wake waya uja unali utafa. Nkhani inatenga pafupifupi masabata atatu kufika ku London, Prince Albert, mwamuna wa mfumukazi Victoria, akudwala kale matenda amene anafa nawo, anafewetsako mawu a kalata ya boma, kalatayo nkutenganso masabata ena panyanja. Pomafika kumapeto kwa December anthu anali atatopa nkukalipa, pulezidenti Lincoln anamasula anthu aja, nkhondo osachitika. Ndiye yerekeza ndi July 1870. Mfumu Wilhelm ya Prussia inakumana ndi kazembe wa France, Benedetti, ikuwongola miyendo ku Bad Ems pa 13, nkukana mwaulemu zimene amapempha. Lipoti linapita kwa Bismarck, nduna yaikulu ya Prussia, pa lamya tsiku lomwelo, iye nkulidula dula kuti lizimveka ngati awiriwo ananyozana, nkulipereka ku manyuzipepala. Pa 19 July France inalengeza nkhondo. Sabata osakwana. Nde ukamati pulezidenti angolemba pa X, ine ndimaona Bismarck wokhala ndi bando.

NaPhiri_Leeds:
Ankolo mwafotokoza bwino koma mwasiya mbali imodzi, ya kubedwa kwa mauthenga. Kalata yapamanja kuti uibe umayenera kugwira munthu wonyamulayo, pomwe chilichonse choyenda pa waya chimadutsa m'manja mwa eni wayayo. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba mu August 1914 a Britain anadula mawaya apansi pa nyanja a Germany, nde mauthenga a Germany amayenda pa mawaya a mayiko ena amene amadutsa ku Britain komweko. Mu January 1917 nduna yoona zakunja ya Germany, Arthur Zimmermann, inatumiza uthenga wobisa kwa kazembe wake ku Mexico kuti akawauze a Mexico kuti America ikalowa nkhondo inu mudzakhale mbali yathu, tidzakuthandizani kulandanso Texas, New Mexico ndi Arizona. Anyamata a Room 40, ofesi ya Britain yomasula mauthenga obisa ku London, anaumasula, unatuluka m'manyuzipepala a ku America pa 1 March, ena amati ndi bodza la a Britain koma mkulu uja anavomera yekha kuti inde ndinalemba ndine. Pa 6 April America inalowa nkhondo.

Ndipo musaganize kuti nzakutali zokha. Mwaiwala 2011? Kazembe wa Britain kwathu, Fergus Cochrane-Dyet, analembera mabwana ake ku London kuti Bingu akunka nalamulira mwankhanza ndipo safuna kudzudzulidwa. Kalata inali yamkati koma inatuluka mu nyuzipepala, mu April anamuthamangitsa, a Britain nawo nkubweza kazembe wathu, pofika July anaimitsa thandizo lawo la bajeti. Mukukumbuka mizere ya mafuta chaka chimene chija. Sindikuti kalatayo yokha ndi imene inabweretsa mavuto onse, forex inali itavuta kale, koma inathira mafuta pamoto. Chodabwitsa munthuyo amangogwira ntchito yake, kazembe amamutumira zomwezo, kuti aziuza kwawo zimene akuona popanda kupsatira. Zomwezonso zinamuonekera Kim Darroch, kazembe wa Britain ku Washington, mu July 2019, makalata ake onena kuti boma la Trump ndi losalongosoka atatuluka, Trump anangolemba pa Twitter kuti sitigwira naye ntchito, masiku ochepa munthu watula pansi udindo. Komanso pali WikiLeaks, gulu loulula zinsinsi pa intaneti, kumapeto kwa 2010 anayamba kutulutsa makalata a akazembe a America okwana pafupifupi 250,000, amene msilikali mmodzi anangokopera pa kompyuta. Akanakhala mapepala akanafunika lole.

Nde ine ndimati vuto la pano si liwiro lokha ayi, ndi loti kazembe akamalemba amaganiza kaye kuti izi zikatuluka ndithera kuti. Ndipo kazembe wamantha polemba alibe phindu kwa amene anamutuma.

Jah_Mbayani:
Zonsezi mukungotsimikiza zimene wanena Mphatso. America ndi Russia anaika foni yofiira ija pa tebulo la pulezidenti kuti azilankhulana okha, akazembe pambali. Kwathu kuno nde musachite kunena, maudindo amenewa ndi mphoto ya kampeni basi, boma likasintha onse abwerere apite ena.

AnkoloBen:
Jah, za mphoto ya kampenizo sinditsutsa, ndipo si kwathu kokha, ku America komweko ena amapatsidwa ukazembe chifukwa anasonkha ndalama za chisankho. Koma foni yofiira ndi za m'mafilimu. Chimene anaika mu 1963 anali makina otayipa, uthenga umatuluka wolembedwa papepala, ndipo mbali ya America anali ku Pentagon, likulu la asilikali awo, osati pa tebulo la pulezidenti Kennedy. Anachita dala kukana foni, poopa kuti anthu awiri okwiya, wina Chingerezi wina Chirasha, womasulira ali pakati, akhoza kulankhula mawu amene sangabwezedwe. Kulemba kumakukakamiza kuganiza kaye. Kenako anaonjezera fax m'ma 1980, pano ndi imelo.

Chinawachititsa ndi mavuto a mu October 1962, Soviet Union itaika mizinga ya nyukiliya ku Cuba pafupi ndi America. Kalata ya pa 26 ya Khrushchev, mtsogoleri wa Soviet Union, inatenga pafupifupi maola 12 kuti ifike yonse ndi kumasuliridwa ku Washington. Kazembe wa Soviet Union kumeneko, Anatoly Dobrynin, anadzafotokoza pambuyo pake kuti uthenga wake wopita ku Moscow akaumaliza kuubisa amaimbira kampani ya Western Union, kumabwera mnyamata wapanjinga kudzautenga, iwo nkumangopemphera kuti asaime panjira kucheza ndi chibwenzi. Dziko lili pafupi kupsa ndi mabomba a nyukiliya koma uthenga uli pa kabaza. Pa 28 Khrushchev anaona kuti njira imeneyi ichedwa, yankho lake lomaliza anangoliwerengetsa pa Radio Moscow.

Koma taona apa. Chimene chinamasula mfundo si wailesiyo. Usiku wa pa 27 Robert Kennedy, mng'ono wake wa pulezidenti, anakumana ndi Dobrynin pamaso nkumuuza mwachinsinsi kuti mizinga ya America ya ku Turkey idzachotsedwa pakapita miyezi ingapo, bola zisalembedwe paliponse ndipo zisamveke. Mawu oterowo sungawatumize pa waya, umauza munthu amene ukumudziwa ndipo kwawo amamukhulupirira. Zili ngati za ankhoswe, banja likayaka moto mwamuna ndi mkazi manambala a foni ali nawo ndithu, koma amene amakhala pansi nkupeza mawu oti wina abwerere popanda kuchita manyazi ndi ankhoswe.

Mai_a_Tadala_Jozi:
Ine za mbiri sindidziwa zambiri ngati ankolowa koma ndiyankhe ngati munthu wokhala kunja. Inu muli kumudzi mukaganiza za kazembe mumaona maphwando ndi masuti. Ife kuno ku Joni tikaganiza za ofesi imeneyi timaona pasipoti yotayika, chikalata choyendera mwadzidzidzi, m'bale wagwidwa ali ku Lindela akudikira kubwezedwa, kapena maliro oti apite kumudzi mapepala ake asainidwe. Nthawi ya zipolowe zothamangitsa alendo mu 2015 boma linachita hayala mabasi kudzatenga anthu, nde amalemba mayina m'misasa muja ndani ngati si anthu a ku ofesi yomweyo? Pa X sungakwezepo munthu basi. Kudandaula timadandaula ndithu, mafoni osayankhidwa, mizere, koma kutseka ayi. Chimene ndingapemphe nkuti zambirizi aziike pa intaneti, munthu asamachoke ku Cape Town ulendo wonse uja chifukwa cha fomu imodzi.

Mphatso_25:
Zikomo nonse, apa nde ndatolapo zambiri. Koma nthawi ya Covid misonkhano inkachitika pa vidiyo ndipo dziko silinagwe. Sizikusonyeza kuti maulendo ambiriwa ndi ongodyera ma alawansi?

NaPhiri_Leeds:
Ena ndi odyeradi, tisanamizane, gulu la anthu 50 kuperekeza munthu mmodzi wokalankhula mphindi 15. Ndipo nzoona, atsogoleri a mayiko a chuma chachikulu a G20 anakumana pa vidiyo mu March 2020, ndipo msonkhano waukulu wa UN mu September chaka chomwecho atsogoleri anangotumiza mavidiyo ojambuliratu, mu holo muli munthu mmodzi mmodzi pa dziko. Koma zolankhula za pa gome paja ndi chionetsero chabe achimwene. Phindu la sabata imene ija ku New York limakhala m'makonde ndi m'mahotela, nduna ya dziko laling'ono ngati lathu kupeza mphindi khumi ndi munthu amene kalata yako ikanakhala miyezi pa tebulo lake. Pa vidiyo palibe khonde, wamkulu akamaliza kulankhula amazimitsa kamera wapita. Mwaona kuti malire atangotsegulidwa onse anathamangira ndege.

Komanso pa vidiyo sudziwa amene akumvetsera. Mu 2020 zinaululika kuti kampani ya ku Switzerland yotchedwa Crypto AG, imene inagulitsa makina obisira mauthenga ku mayiko oposa 100, eni ake enieni kwa zaka zambiri anali akazitape a America a CIA ndi akazitape a West Germany, nde maboma amalipira ndalama zawo kugula makina oti ena aziwerenga zinsinsi zawo. Nchifukwa chake mpaka lero mayiko akutumizabe chikwama cha kazembe chonyamulidwa ndi munthu, chimene pangano la ku Vienna la 1961 limaletsa kuchitsegula kapena kuchigwira pa bwalo la ndege. Ngakhale nacho anthu anachiyesa zachibwana, mu 1984 nduna yakale ya ku Nigeria, Umaru Dikko, anthu ena anaigwira mokakamiza ku London nkuigoneka ndi mankhwala m'bokosi kuti ipite ku Lagos ngati katundu wa kazembe. A kasitomu pa Stansted analitsegula chifukwa linalibe zizindikiro zoyenera, nkumupeza mkulu uja ali chikomokere, dokotala womubaya jakisoni ali naye m'bokosi momwemo.