Kodi "ban" m'Chingerezi chakale ndi kuletsa kapena kutemberera?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Mu Hamlet, sewero la William Shakespeare, chigawo chachitatu, muli mawu akuti "With Hecate's ban thrice blasted". Masiku ano "ban" ndi chiletso. Nanga Hecate akuletsa chiyani pamenepa?

Mphunzitsi wa Chingerezi: Sakuletsa kanthu achimwene, akutemberera. Woyankhulayo ndi Lucianus, munthu wa m'seweroli amene akufuna kupha mnzake, poizoni ali m'manja, wa zitsamba zothyoledwa pakati pa usiku. Akunena kuti Hecate, mulungu wamkazi wa ufiti, wawatemberera katatu mankhwalawo. Mukalemba "chiletso", chiganizo chonse chafa.

Wophunzira mbiri ya mawu: Zoona aphunzitsi, koma muzu wake si temberero. M'Chingerezi chakalekale "bannan" kunali kulengeza poyera, kuitana anthu mwalamulo, makamaka kunkhondo. Tanthauzo la kutemberera ndi kuletsa linalimba chifukwa cha "banna" wa chilankhulo cha ma Viking, anthu akale a kumpoto kwa Ulaya. Chimene chimamanga zonsezi ndi chimodzi: mwini mphamvu wayankhula, anthu akumva. Akaitana ndi chilengezo, akakaniza ndi chiletso, akafunira munthu tsoka ndi temberero. Ngakhale "banish" ndi "bandit" ndi abale ake: munthu amene kwalengezedwa kuti apirikitsidwe, lamulo silimutetezanso. N'zimene zinamugwera Martin Luther ku Worms, mzinda wa ku Germany, mu 1521: kumusunga kapena kumudyetsa unali mlandu.

Mkulu wa mpingo: Musaiwale "banns", ana anga. Ndi kulengeza ukwati m'tchalitchi, kuti wodziwa chifukwa choletsa ukwatiwo anene msanga. Ku Anglican amalengeza Lamulungu katatu. Lamulo lolengeza linakhazikitsidwa pa msonkhano wa mpingo wa Katolika wa Lateran, ku Roma, mu 1215. Ambiri akamva liwuli amayesa ukwati waletsedwa, chonsecho ukungolengezedwa.

Mphunzitsi wa Chingerezi: Pomasulira yang'anani zinthu ziwiri. Wayankhula ndani? Mfiti, wopemphapempha kapena munthu wopsa mtima, limenelo ndi temberero. Mfumu kapena khoti, ndi chilengezo kapena kupirikitsa. Wansembe, kawirikawiri ndi kuchotsa munthu mumpingo. Kenako, liwulo lagwera chiyani? Likagwera buku, malonda kapena msonkhano, pamenepo ndiye kuletsa. Samalaninso ndi "forbid". Mu Macbeth, sewero linanso la Shakespeare, mfiti ikunena za woyendetsa chombo kuti "He shall live a man forbid". Palibe chimene wamuletsa: wamutemberera kuti tulo asatione usiku ndi usana, aziwonda mpaka kutsala mafupa.