Kwatsala masiku asanu kuti ndilembe Business Studies, ndiyambire pati?

Tiyamike

Akuluakulu, ndapota nanu. Mayeso a Business Studies ndilemba pakatha masiku asanu. Manotsi ndili nawo onse, mapepala a mayeso akale ndili nawo atatu. Vuto ndi loti ndikamawerenga zimaoneka ngati ndazimva, koma ndikangotseka kope mutu umangoti mbee. Zimene zikundisautsa kwambiri ndi masamu a trading account, insurance, komanso mafunso aja oyamba ndi explain, amene ndimalemba zambiri malikisi n'kubwera ochepa. Masiku asanuwa ndiwagawe bwanji? Ndiyambe buku lonse kuchokera koyambirira kapena ndisankhe mitu?

Aphunzitsi Banda

Buku lonse musaliyambe, nthawi yake inapita. Zimene mukufotokozazo zili ndi chifukwa chake. Mukamawerenga, maso amazindikira mawu amene anawaonapo kale, ndiye mumadziona ngati mukudziwa. Koma m'chipinda cha mayeso simudzafunsidwa kuzindikira, mudzafunika kutulutsa yankho m'mutu popanda poonera. Mu 2006 akatswiri awiri, Roediger ndi Karpicke, anapeza kuti ophunzira amene ankatseka nkhani n'kumalemba zimene akukumbukira anakumbukira zambiri patatha sabata kuposa anzawo amene ankangobwereza kuwerenga. Ndiye masiku otsalawa cholembera chigwire ntchito kuposa maso.

Lero lomwe tengani pepala limodzi mwa atatuwo, tsekani mabuku, tcherani wotchi, mulembe lonse ngati muli pamayeso enieni. Mukatha mudzichonge ndi manotsi, osadzikondera. Kenako gawani mitu patatu: imene mwakhoza bwinobwino, imene mwakhoza theka, ndi imene simunalembe kanthu. Masiku atatu otsatirawo nthawi yambiri ipite ku gulu lapakatilo, chifukwa mutu umene mukuudziwa theka mutha kuumaliza mu ola limodzi, pamene umene simunauphunzirepo ungakudyereni tsiku lathunthu. Pa gulu lomalizalo ingotolani matanthauzo a mawu, basi. Pepala lachiwiri mulembe tsiku lachitatu, lotsalalo tsiku lachinayi. Tsiku lachisanu musatsegule mutu watsopano.

Mayi Chirwa

Pa trading account musaloweze mawu, lowezani malo amene chinthu chilichonse chimakhala. Tengani chitsanzo ichi muchilembe katatu osaonera.

Opening stock 20,000, purchases 90,000, carriage inwards 4,000, returns outwards 6,000, closing stock 18,000. Phatikizani 20,000, 90,000 ndi 4,000, mupeza 114,000. Chotsanipo 6,000 ndi 18,000, itsala 90,000. Imeneyo ndiyo cost of goods sold. Tsopano sales 155,000, returns inwards 5,000, ndiye net sales ndi 150,000. Gross profit ndi 150,000 kuchotsa 90,000, yomwe ndi 60,000.

Pamene ana ambiri amagwera ndi pa carriage ndi returns. Carriage inwards ndi ndalama yotengera katundu kubwera naye ku bizinesi, choncho imawonjezera mtengo wogulira ndipo imalowa mu trading account. Carriage outwards ndi yotumizira katundu kwa kasitomala, imeneyo ndi expense, malo ake ndi mu profit and loss. Mukaisokoneza, gross profit imalakwika ngakhale net profit ituluke yolondola, ndipo ratio iliyonse yodalira gross profit imalakwikanso. Returns inwards ndi katundu amene makasitomala akubwezerani, mumachotsa ku sales. Returns outwards ndi amene inuyo mwabweza kumene munagula, mumachotsa ku purchases.

Chinanso: drawings si expense. Mwini bizinesi akatapa ndalama kukagwiritsa ntchito kunyumba, zimachotsedwa ku capital mu balance sheet. Ndipo closing stock imaoneka kawiri, mu trading account komanso pa current assets. Balance sheet yanu ikakana kufanana, yambani mwayang'ana ziwiri zimenezi.

Tiyamike

Zikomo kwambiri mayi. Nanga margin ndi mark-up? Ziwirizi ndimazisinthanitsa nthawi zonse.

Mayi Chirwa

Phindu lake ndi limodzi lomwelo, chosiyana ndi chimene mukuligawa nacho. Mwagula chinthu pa 80, mwagulitsa pa 100, phindu ndi 20. Mark-up mumagawa ndi mtengo wogulira: 20 kugawa ndi 80, ndi 25%. Margin mumagawa ndi mtengo wogulitsira: 20 kugawa ndi 100, ndi 20%. Popeza mtengo wogulitsira ndi waukulu, margin imakhala yocheperapo nthawi zonse. Mukapeza margin yoposa mark-up dziwani kuti mwazitembenuza. Pa chitsanzo chathu chija margin ndi 40%, mark-up ndi 66.7%. Muwerengere nokha muone ngati zikutuluka.

Kondwani K.

Ine ndinene za insurance. Mfundo zake ndi zisanu ndi imodzi: insurable interest, utmost good faith, indemnity, subrogation, contribution ndi proximate cause (chimene chinayambitsa kwenikweni kuwonongekako). Kuzitchula aliyense amatha, koma funso limabwera ngati kankhani, inu muzindikire mfundo imene ikugwira ntchito pamenepo.

Munthu wabisa matenda ake podzaza fomu, imeneyo ndi utmost good faith, kampani itha kukana kulipira. Wina akufuna kutengera insurance nyumba ya mnzake imene iye sangataye kanthu itapsa, alibe insurable interest. Ziwiri zimene zimasokoneza ndi subrogation ndi contribution. Pa subrogation, kampani ikakulipirani imalowa m'malo mwanu, ndiye ndi imene imakasumira wolakwa uja, osati inu kukalandiranso kwina. Pa contribution pamakhala makampani awiri kapena kuposa amene ateteza chinthu chimodzi, ndipo amagawana malipirowo. Zonse ziwiri zimachokera ku indemnity, yomwe imati mubwezeredwe pamene munali, osapindulapo. Kumbukiraninso kuti indemnity sigwira ntchito pa life assurance, chifukwa moyo ulibe mtengo woti n'kuwerengera.

Samu ya average clause musaisiye. Katundu wa 800,000 mwamuteteza pa 600,000, moto wawononga wa 200,000. Ambiri amalemba kuti kampani ilipira 200,000 yonse poti ndi yochepera 600,000. Ayi. Munateteza magawo atatu mwa anayi, ndiye mulandiranso magawo atatu mwa anayi a zowonongekazo: 600,000 kugawa ndi 800,000, kuchulukitsa ndi 200,000, yankho 150,000.

Madalitso

Njira yachidule ndi kuona mitu imene inabwera chaka chatha n'kuisiya. Sabwereza zomwezo zaka ziwiri zotsatizana.

Aphunzitsi Banda

Achimwene, uko ndi kutchova juga ndi tsogolo la mwana. Olemba mayeso amatenga mafunso mu silabasi yonse, ndipo mutu womwewo utha kubweranso atangousintha kafunsidwe. Mapepala akale amathandiza kuona mmene amafunsira, osati kulosera.

Tibwerere ku funso la explain, a Tiyamike, poti apo ndi pamene mukutaya malikisi ambiri. Mawu oyamba a funso ndiwo amakuuzani kukula kwa yankho. State kapena list, tchulani mfundo n'kusiya pomwepo. Describe, nenani mmene chinthucho chilili kapena mmene chimachitikira. Explain imafuna mfundo, chifukwa chake, ndi zotsatira zake. Discuss imafuna mbali zonse ziwiri, ubwino ndi kuipa, kenako maganizo anu.

Tiyerekeze afunsa ubwino wa private limited company. Mukangolemba kuti limited liability, mwatchula chabe, malikisi ndi amodzi. Yankho lokwanira linene kuti eni masheya ali ndi limited liability, kutanthauza kuti kampani ikagwa amataya ndalama zokhazo zimene anaikamo, katundu wawo wakunyumba sakhudzidwa, ndiye anthu amalimba mtima kuikamo ndalama. Ziganizo ziwiri kapena zitatu zakwana. Kulemba tsamba lonse pa mfundo imodzi sikuwonjezera kanthu, wochonga amawerenga mfundo, sayeza kutalika. Yang'anani malikisi amene ali pambali pa funso. Explain ya malikisi 6 kawirikawiri imafuna mfundo zitatu zofotokozedwa bwino. Ndipo funso likakhala ndi kankhani ka bizinesi inayake, yankho lanu litchule bizinesi yomweyo, osangokhuthula za m'manotsi.

Pa nthawi, gawani mphindi ndi malikisi musanayambe. Pepala likakhala la malikisi 100 ndi maola awiri, patsani malikisi aliwonse mphindi imodzi, zikutsalirani mphindi 20 zowerengera mafunso poyamba ndi kubwereza pomaliza.

Chisomo

Tina ting'onoting'ono tolowa pa pepala limodzi loti muziliyang'ana m'mawa uliwonse. Break-even, pamene bizinesi sipindula komanso sitaya: fixed costs kugawa ndi kusiyana kwa mtengo wogulitsira ndi variable cost ya chinthu chimodzi. Fixed costs 60,000, mtengo 50, variable cost 30, ndiye 60,000 kugawa ndi 20, zinthu 3,000. Lembani kuti ndi zinthu, osati ndalama. Current ratio ndi current assets kugawa ndi current liabilities. Acid test ratio ndi samu yomweyo koma mutachotsa stock ku current assets. Pa discount, yambani ndi trade discount, cash discount iwerengeredwe pa zotsalazo. Katundu wa 10,000, trade discount 10%, itsala 9,000. Cash discount 5% ya 9,000 ndi 450, mulipira 8,550. Amene amaphatikiza n'kupanga 15% amapeza 8,500, n'kulakwa. Credit note imachepetsa ngongole ya wogula, debit note imaiwonjezera.

Tiyamike

Mwanditsegula maso nonsenu. Funso lomaliza: usiku womaliza ndichezere kuwerenga mpaka kuche?

Mayi Chirwa

Ayi mwanangu, mugone maola anu onse. Tulo ndi timene timakhazikitsa m'mutu zimene mwaphunzira masana, ndipo mutu wotopa ndi umene umachotsa pamene umayenera kuphatikiza. Madzulo amenewo tengani pepala lopanda kanthu mulembe mafomula onse ndi kayalidwe ka trading account osaonera, muyerekeze ndi manotsi, zimene mwaphonya mulembenso kamodzi, mutseke. M'mayesomo, samu iliyonse muyambe ndi fomula, kenako manambala, kenako yankho, mzere uliwonse paokha. Nambala imodzi ikalakwika wochonga amatha kukupatsanibe malikisi a njira, koma mukalemba yankho lokhalokha n'kukhala lolakwika, palibe poti akupatsireni. Ngati calculator ndi yololedwa, muiyese lero, ndipo ikhale imene zala zanu zinaizolowera.